Kampeni ka m'Sokosi ya Alamu Anga

Kwathu kuno ku Ullapool kunalibe mnyamata amene ankakwatira osadutsa m'manja mwa alamu anga, a Hector Gillanders. Abusa ankadalitsa ukwati, inde, koma woyamba kuvomereza kuti mkwati watchena bwino anali iwowo. M'mawa wa tsiku la ukwati ankangotulukira osaitanidwa, n'kumuuza mkwati kuti agwade pakati pa khitchini. Kiliti, chovala chija cha amuna kwathu kuno chonga siketi, ikangokhudza pansi pang'ono, ankagwedeza mutu kuvomera. Ikalekeza m'mwamba kapena kuunjikana pansi, ankamasula malamba onse n'kuyambiranso, mkwatibwi adikire kutchalitchiko.

"Zopindazo kumbuyo, mwana iwe! Ukufuna anthu aziti ukuyenda chafutambuyo? Nanga sokosi zoyerazi wazitenga kuti? Zimenezi amavala ndi obwereka zovala. Vula msanga."

Ine ndine Dolina, mng'ono wake wa malemu Effie, amene anali mkazi wawo. Alamu angawo ndinakangana nawo kuyambira tsiku limene anabwera kudzafunsira mkulu wanga mpaka chaka chatha pamene tinawaika m'manda. Tsiku lofunsiralo anandiuza kuti tiyi wanga ndi wamadzimadzi, ine n'kuwauza kuti khomo ndi lomwe alowera lija. Mukamva ndikunena kuti ndinkawakonda musadabwe. Munthu wamakani ngati ameneyo akachoka, m'nyumba mumachita zii moti umayamba kukangana ndi ketulo.

Ntchito yawo inali ya padoko. Sitima ya ku Stornoway ikamafika, iwo ndi amene ankawakha chingwe n'kuchikoleka pachitsulo, kaya kukugwa mvula kaya mphepo ikuulutsa zipewa. Sabata yonse ankakhala mu ovolosi yonunkha dizilo, madzulo n'kukayang'ana tinkhosa tawo kuseri kwa nyumba. Anali munthu wamba ndithu, wodya phala la oti lothira mchere m'mawa uliwonse n'kumanyoza ife othira shuga. Koma kukakhala ukwati, gule kapena maliro, ankatuluka m'nyumba ngati si omwe aja. Kiliti yobiriwira yolemera imene anawasiyira bambo awo, jekete lakuda la mabatani asiliva, kachikwama ka ubweya kakulendewera kutsogolo, nsapato za zingwe zazitali zokulunga m'miyendo. Ndiye m'sokosi ya kumanja munkasuzumira chigwiriro cha nyanga ya mbawala. Kameneko kanali kampeni ka bambo awo.

Pa zovala zonsezo, kampeniko ndiye kanali mtima wawo. Ankati bambo awo anasendera nako mbawala zosawerengeka m'mapiri a ku Assynt, ndipo kanali kakuthwa koti n'kumetera ndevu. Ine sindikumbuka nditakaonapo katasololedwa. Ana akawapempha kuti aone, ankawayang'ana ndi diso lofiira.

"Mpeni wa bambo anga sutuluka m'chimake pa masewera. Ukatuluka ndiye kuti pali ntchito."

Amene ankavutika kwambiri ndi kampeniko anali a Farquhar Matheson a kubutchala, mnzawo wa kusukulu. Iwo m'sokosi ankaikamo ka m'sitolo, ka chigwiriro cha pulasitiki, koti ukasolola munkatuluka chotsegulira mabotolo. Paukwati uliwonse nkhani inali yomweyo.

"Farquhar, munthu wogwira mipeni sabata yonse, Loweruka ukuvala supuni m'sokosi? Agogo ako atadzuka lero angakukane."

"Akadzuka ndiwatsegulira botolo, Hector. Wakowo unatsegulapo chiyani?"

"Wanga ndi mpeni. Mwamuna wopanda mpeni weniweni m'sokosi wangobwereka siketi ya mkazi wake."

Anthu ankaseka, a Farquhar nawonso n'kumaseka, koma makutu atafiira. Ine ndinkati, "Alamu, tsiku lina pakamwa panupa padzakupachikani." Iwo ankati, "Likadzafika tsikulo mudzandiuziretu, alamu, ndidzavale bwino."

Mwana anali naye mmodzi yekha, Ishbel. Luso la nyimbo anatengera mayi ake. Effie ankangoyimba chapansipansi akutsuka mbale, kamwanako n'kumatsatira pa vayolini yakale ya amalume athu, mpaka mbale zinkaiwalika m'madzi. Atakula anapita kusukulu ya nyimbo ku Glasgow, ndipo sanabwerenso kudzakhala kuno. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, tonse tinkadziwa zimenezo, kupatula bambo ake. Iwo ankafuna kuti aziyimba pa magule a muholo yathu ya kuno, iwo ataima pakhomo ndi kiliti yawo n'kumauza alendo kuti uyo ndi mwana wanga.

Effie ali moyo ankapita yekha pa basi kukamumva mwanayo, n'kubwera ndi nkhani zokamba mwezi wathunthu. Atadwala matenda omwe anamutenga, ndinamumva ndi makutu angawa akuwauza amuna ake kuchipatala ku Inverness kuti, "Hector, mudzapite mukamuone mwana ali pasiteji. Pa wailesi sizifanana." Iwo anavomera, atamugwira dzanja. Koma Effie atapita panalibenso wowakoka. Ishbel anayimba m'maholo akuluakulu, ku Edinburgh, ku Dublin, mpaka kutsidya kwa nyanja ku Canada, ndipo nthawi iliyonse akamayimba pafupi ankawasungira mpando bambo ake. Sanapiteko ndi kamodzi komwe. Pena sitima sidzimangirira yokha, pena nkhosa zikuswa, pena a m'tauni amawononga nyimbo zathu pozithamangitsa. Zifukwa sizinkawathera. Koma ine ndinawapezapo kangapo m'shedi mwawo, kawailesi kali pakhutu, misozi ili lengelenge. Akandiona ankasintha siteshoni msangamsanga.

"Ndimamvera za mphepo ya mawa, alamu."

"Eya, mphepo ya mawa ikuliza anthu masiku ano."

Zoona zake n'zakuti ankaopa. Kuno ankadziwa chilichonse ndipo aliyense ankawadziwa. Kumeneko akanangokhala mkulu wina wa kumudzi, wosadziwa polowera ngakhale nthawi yowomba m'manja. Sananenepo zimenezi, koma ine sindinabadwe dzulo.

Chaka chimene anapuma ntchito padoko, Ishbel anaimba foni kwa ine, osati kwa bambo ake. Nyamakazi inali itamugwira zala za dzanja lamanzere, zomwe zimakanikiza nsambo. Anali atayesa mankhwala ndi jakisoni, koma madokotala anamuuza kuti masiku oyimba pagulu atha. Mu Januwale kunali konsati yaikulu ya madzulo ku Glasgow, ya anthu otchena, youlutsidwa pa wailesi nthawi yomweyo, ndipo anaganiza zoti atsanzikire pamenepo. Anali atapeka nyimbo kuchokera ku kaja Effie ankayimba potsuka mbale.

"Anti, ndikufuna ababa adzandione kamodzi kokha ndili pasiteji. Ikapita imeneyi palibenso ina. Mukawauze ndinu, ine akangoyamba za nkhosa ndilira."

Ndinawapeza akukonza mpanda kuseri kwa nyumba.

"Alamu, nkhosa siziswa mu Januwale, ndipo sitima ili ndi anyamata ena. Mwatsala ndi chifukwa chanji?"

"Mwabwera kudzayamba ndewu kapena mwabwera ndi nkhani?"

Ndinawauza za dzanja lija. Anaika hamala pansi n'kuyang'ana kunyanja nthawi yaitali.

"Jekete lija likufunika kuchapitsa," anatero. Kumeneko kunali kuvomera kwawo.

Nkhani itamveka, anthu ambiri anafuna kupita nawo, ndiye tinachita hayala basi. Alamu anga anakonzekera ngati ndi iwo okayimba. Mabatani anawapukuta mpaka kuwala, nsapato anazipaka polishi madzulo aliwonse, tsitsi anakametetsa kawiri chifukwa ulendo woyamba akuti linapendama. Mubasi anakana kuvala kiliti poopa kuti zopinda zingakwinyike. Anaiyala pamiyendo m'thumba lake ulendo wonse, ngati anyamula wodwala, ndipo a Farquhar atawapatsa sangweji anakana kuti mafuta angadonthere. Tinakavalira pa kahotela kena pafupi ndi holo. Potuluka anaimika amuna onse m'khonde n'kuwayendera mmodzimmodzi, uyu kumukwezera sokosi, uyu kumuwongolera kachikwama. Atafika pa a Farquhar anagogoda chigwiriro cha pulasitiki chija ndi chala.

"Mpaka ku Glasgow kuno wabwera ndi supuni yako ija?"

"Ikufuna ione tauni nayonso, Hector."

Madzulo amenewo alamu anga anakongola, ndinene zoona. Tsitsi loyera, msana wowongoka, mabatani ali ng'aning'ani pansi pa magetsi a mumsewu. Anthu odutsa ankachita kutembenuka. Ndinalakalaka Effie akanawaona.

Pakhomo la holo panali mzere wautali, kunja kukuwaza mvula yozizira. Mkati pang'ono munali tebulo, ndipo pambali pake panaima bambo wina wonenepa wa yunifolomu, waulemu wake. Ankauza aliyense wovala kiliti mawu omwewo, kuti madzulo amenewo mipeni yeniyeni sinkaloledwa kulowa. Wokhala ndi kampeni kongokongoletsera aonetse n'kudutsa. Wokhala ndi weniweni ausiye patebulo, pomwe mayi wina ankausolola, kuuyang'ana, n'kuumangirira nambala kuti mwini wake adzautenge potuluka. Patebulopo panali kale mipeni yambirimbiri, ina yokongola kuposa wa alamu anga, ndipo eni ake anali atalowa akuseka.

A Farquhar anasolola chotsegulira mabotolo chija n'kuchikweza m'mwamba. Mzere wonse unafa ndi phwete.

"Waona, Hector? Supuni ikulowa popanda mlandu!"

Kenako inafika nthawi ya alamu anga.

"Bambo, kanuko ndi kenikeni?"

"Ukundiona ngati wovala zidole ine?"

"Ayi bambo, pepani. Ndiye mukasiye apa, mukapeza potuluka. Sikasowa."

"Mpeni uwu ndi wa bambo anga. Sugwiridwa ndi munthu wachilendo. Ndipo wovala kiliti amayenda ndi mpeni wake m'dziko muno, kafunse kulikonse."

"Mumsewu kaya, bambo. Koma muno eni holo anena kuti ayi. Ine ndangotumidwa."

Ndinawakoka jekete. "Alamu, perekani. Ishbel ayimba koyambirira. Mpeni suthawa."

"Ndisiyeni, Dolina."

A Farquhar, amene anali atadutsa kale, anabwerera. Sankasekanso. "Hector, makani usiye lero. Aliyense wapereka. Apatse mayiwo amange nambala, tilowe."

Anzathu onse a mubasi anali atatizungulira, ena atatalikitsa makosi kuti lero lokha auone mpeni wotchuka uja ukusololedwa. Ndinaona alamu anga akuyang'ana mayi wa patebulo uja, amene nthawi imeneyo ankasolola mpeni wa munthu wina n'kuuyang'ana pa getsi. Nkhope yawo inasintha, ine n'kumayesa ndi mkwiyo.

"Ngati mpeni wa Gillanders sulowa, Gillanders salowanso," anatero mokweza. Anatembenuka, kiliti ikugwedezeka kumbuyo, n'kutuluka mumvula.

Belu linalira. Ndinathamangira pakhomo, koma mumsewu munali maambulera okhaokha. Ndinaganiza kuti mwana asaone mipando iwiri yopanda anthu, ndiye ndinalowa ndikutukwana chamumtima mawu oti abusa athu asadzamve. Titangolowa anatseka zitseko. Analengeza kuti chifukwa cha wailesi sazitsegulanso mpaka nthawi yopuma.

Ishbel anali atatisungira mipando kutsogolo, m'mbali mwa kanjira, kuti bambo ake atambasule mwendo wa bondo lovuta. Gulu linayimba nyimbo yotsegulira, ine osamva kanthu, khosi lili kuchitseko. Kenako anatchula dzina la Ishbel. Anatuluka atavala diresi lakuda, paphewa atakoleka nsalu yobiriwira yofanana ndi kiliti ya bambo ake. Anthu anawomba m'manja. Iye anayandikira maikolofoni akumwetulira.

"Nyimbo iyi inali ya amayi anga. Lero ndiyimbira bambo anga, amene abwera kuchokera ku Ullapool kudzandiona koyamba."

Anthu anawombanso m'manja, ena n'kumatembenuka kufunafuna bamboyo. Ishbel anaika vayolini pakhosi n'kuyang'ana komwe tinayenera kukhala. Anandiona ine, anaona mpando wopanda munthu, kenako anayang'ana kuchitseko. Uta wolizira vayolini unali m'mwamba. Muholo munali zii. Wotsogolera gulu anamuyang'ana, iye osasuntha, maso ali kuchitseko komweko. Munthu wina anatsokomola kumbuyo. Sindikudziwa kuti anadikira nthawi yaitali bwanji. Kenako anatsinzina n'kuyamba.

Ine sindidziwa kufotokoza nyimbo. Ndinangomuona mkulu wanga ataima pasinki, manja ali m'thovu, akuyimba chapansipansi. Ndinalira mpaka mayi wachilendo wa kumbuyo kwanga anandipatsa mpango. Zala zodwalazo sizinaphonye ndi pamodzi pomwe, ndipo atamaliza anthu onse anaimirira. Iye anawerama kamodzi n'kuchoka, osayang'ananso kumbali yathu.

Nthawi yopuma itakwana ndinali woyamba kutuluka, mawu owalalatira ndili nawo kale pakamwa. Alamu anga ndinawapeza atakhala pabenchi m'khonde, moyang'anizana ndi chitseko, atanyoweratu. Jekete lija linkadontha, tsitsi litamatirira pamutu. M'sokosi munalibe kanthu. Anatiuza ine ndi a Farquhar kuti anazungulira holo mpaka mtima unatsika, n'kukwirira kampeniko mumphika wa maluwa wa panja, pomwe panalibe wowaona. Pobwerera anapeza zitseko zotseka. Anapempha, anachonderera, munthu amene sanachondererepo aliyense chibadwire, koma wa pachitseko sakanachitira mwina.

"Mwamvako?" ndinafunsa. Mawu olalata aja anali atandithawa.

"Kuwomba m'manja kokha. Zitseko zake ndi zochindikala."

Ishbel anabwera akuthamanga, diresi atalikwinya m'manja, poganiza kuti bambo ake adwala panjira. Atawaona ali bwinobwino anaima. A Farquhar, ndi mtima wawo wabwino, anafuna kuzimitsa moto.

"Usawakwiyire, mwana wanga. Ndi a pakhomowa. Amafuna awasiyitse mpeni wa agogo ako, ndiye ukuwadziwa bambo ako ndi mpeni umenewo."

Ishbel anayang'ana a Farquhar, kenako bambo ake.

"Mpeni uti?"

"Wa m'sokosi uja."

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "mulibe mpeni m'chimake muja. Ndinauthyola ndine ndili mwana, ndikukanganula nkhono pamiyala ya kudoko. Chitsulo chinagwera m'madzi. Inu munamata chigwiriro pachimake ndi guluu kuti agogo asandikalipire, n'kundiuza kuti ndisalire, palibe adziwe." Analoza kutebulo la mipeni lija. "Akanakulolani kulowa nako. Mukanangowauza."

A Farquhar anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinakumbukira nkhope ya alamu anga ija pamzere, ndipo ndinazindikira kuti sunali mkwiyo. Bodza limene linayamba poteteza kamwana linali litakula mpaka kuwamanga okha. Zaka zonse zija akunyoza supuni ya mnzawo, iwo m'sokosi munali nyanga ndi guluu, ndipo anasankha kutuluka mumvula kusiyana n'kuti anthu a mubasi adziwe. Paja akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Anthu a mubasiwo anadziwabe, ataima pomwepo ndi makapu a tiyi m'manja.

Ishbel sanakalipe. Bwenzi zili bwinoko akanakalipa. Anavula nsalu ija paphewa, anawapukuta nayo madzi kumaso, n'kuwasiyira m'manja.

"Muzizidwa, ababa. Lowani mukamvere gawo lachiwiri. Kuli oyimba abwino."

Iye mbali yake inali itatha.

Pobwerera m'mawa mwake, mubasi munalibe woyimba kapena woseka. Titafika kuno alamu anga anapeza kampeni kaja m'thumba lonyamulira kiliti lija, kali ndi dothi. A Farquhar ndi amene anakakafukula mumphika muja. Nkhaniyi sanaitchulepo kwa munthu, ngakhale atamwa wisiki, ndipo ine kuyambira pamenepo nyama sindigula kwina.

Alamu anga anakhala zaka zingapo pambuyo pake. Kiliti ankavalabe pa maukwati ndi pamaliro, koma m'sokosi mulibe kanthu, ndipo anasiya kutulukira m'makhitchini a anthu m'mawa. Anyamata anayamba kukwatira ndi sokosi zoyera, kiliti zitapendama, iwo n'kumangoti, "Watchena, mwana wanga." Zimenezo zinkandipweteka ine kuposa makani aja. Ndinkawaputa dala, kuwathirira shuga m'phala, koma ankangodya. Kampeniko kanakhala pawindo la kukhitchini pamodzi ndi makiyi ndi mabatire akutha.

Ishbel anayamba kuphunzitsa ana ku Glasgow. Ankabwera pa Chaka Chatsopano ndi m'chilimwe, ankawaphikira, ankawameta tsitsi, ankaseka nawo. Sanawataye bambo ake, ayi. Koma za nyimbo sankakamba. Ulendo wina iwo analimba mtima n'kutsitsa vayolini yakale ya amalume ija pamwamba pa kabati.

"Pang'ono pokha, mwana wanga. M'khitchini momwe muno."

Anayesa, poti ndi mwana wabwino. Atafika pakati chala chinakana kupinda, nsambo n'kulira ngati chitseko chadzimbiri. Anayambiranso, chimodzimodzi. Anaibwezera m'bokosi mwake mwakachetechete n'kukatereka ketulo. Tonse atatu tinamwa tiyi tikukamba za mtengo wa chakudya cha nkhosa.

Atamwalira tinawaveka zonse monga mmene akanafunira. A Farquhar, ndi ndodo yawo, anabwera kudzaona ngati kiliti yakhala bwino, anawongola kachikwama, anakweza sokosi. Ishbel anapita kukhitchini n'kubwera ndi kampeni kaja atakapukuta, ndipo anakalowetsa yekha m'sokosi ya kumanja.

Koma ine chimene chimandibwerera si malirowo. A wailesi anali atamupatsa Ishbel chimbale cha konsati ija monga momwe inaulutsidwira, iye n'kuwatumizira bambo ake. M'nyengo yozizira yomaliza, bondo litawakaniza kutuluka, ndinkawapititsira supu masana. Tsiku lina ndinalowa osagogoda, ndinawapeza pampando wawo pafupi ndi wailesi yoyimba zimbale, nsalu yobiriwira ija ili pamiyendo. Ulendo uno sanathamangire kuzimitsa. Anandikodola kuti ndikhale.

Ndinamva anthu akuwomba m'manja. Ndinamva mawu a Ishbel akunena za bambo ake ochokera ku Ullapool. Anthu anawombanso, kenako kunati zii. Munthu uja anatsokomola kumbuyo. Alamu anga anakweza chala, mutu atapendeketsa, monga ankachitira pomvetsera sitima m'nkhungu.

"Apa, alamu," ananong'ona. "Mukumva? Apa akundidikira."

Uta utangokhudza nsambo, anadina batani n'kubwezera kumayambiriro.

"Bwanji osaisiya iyimbe? Nyimbo yake ndi imene mukuidulayo."

"Nyimboyo anamva anthu onse," anatero. "Apa pokha ndiye panga."

Supu inazizira patebulo, ife tikumvetsera mwana akudikira bambo ake.